Foni yatsopano: zoti muchite isanayambe kukudyerani bandulo

Amalume anga a ku Mkanda atagulitsa soya chaka chino, ndalama sinagone m'thumba. Anatsikira pa Mchinji Boma tsiku lomwelo n'kugula foni yamakono, yoyamba m'moyo mwawo. Kafoni kamabatani kaja, komanga ndi mphira kumbuyo kuti batire lisagwe, anakasiyira akazi awo. Usiku umenewo anagona kwathu. Anagula bandulo ya sabata yathunthu, anaonera timavidiyo tiwiri, n'kuika foni kumutu. Kutacha, uthenga unali utafika kale woti bandulo yatha.

"Mphwanga, chinthuchi chimadya usiku ngati khoswe wa m'nkhokwe," anatero akundipatsa foniyo ngati yotentha.

Sananame. Mafoni awa amapangidwa ndi anthu okhala kumene Wi-Fi imayenda usana ndi usiku osaiwerengera, ndiye foni imatuluka m'bokosi mipopi yonse ili yotsegula. Ife kuno intaneti timagula ngati mafuta ophikira a m'timapepala, pang'onopang'ono. Ine si wokonza mafoni, ndimagula ndi kugulitsa mtedza pa Kamwendo, koma poti ndinali woyamba kukhala ndi foni yotere pamtundu pathu, aliyense wogula yatsopano amathera pakhonde panga. Nayi ndondomeko imene ndimatsata. Ndikunena za mafoni a Android chifukwa ndi amene tili nawo. Mayina a zinthu mu Settings amasiyana pang'ono pakati pa Itel, Tecno, Infinix ndi Samsung, koma pamwamba pake pamakhala kagalasi kofufuzira. Mukalembapo mawu amene ndatchulawo, foni idzakufikitsani yokha.

Choyamba: musanapereke ndalama

Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, foni yasanduka katundu ngati njinga. Sugula chaka chilichonse. Choncho musachite manyazi kuchedwetsa wogulitsa.

Yatsani foniyo pomwepo ndipo muimbe *#06# ngati mukuimbira munthu. Patuluka nambala yaitali yotchedwa IMEI, manambala 15 ondondozana. Foni ya masimu kadi awiri imaonetsa ziwiri. Yerekezani ndi zimene zalembedwa pa bokosi. Zikasiyana, bwezani foniyo, musamve n'komwe zofotokoza zake. Zikafanana, uzani wogulitsa alembe nambalayo pa lisiti, inunso mukailembe mu kope kunyumba. Foni ikadzabedwa, nambala imeneyi ndiyo imasonyeza kuti foniyo ndi yanu.

Kenako nkhani ya memori, pamene ambiri timapusitsidwa. Pali manambala awiri. Yaikuluyo, 32GB kapena 64GB kapena 128GB, ndi nkhokwe yosungira zithunzi, nyimbo ndi mapulogalamu. Yaing'onoyo, yotchedwa RAM, ndi bwalo losenderapo mtedza. Nkhokwe ikhoza kukhala yaikulu, koma ngati pabwalo pali pothina, ntchito imachedwa basi. Foni ya RAM ya 2GB imakwana WhatsApp ndi kuimba. Mafoni otere ambiri amabwera ndi Android Go, mtundu wopepuka wa Android umene Google inatulutsa mu 2017. Koma ngati mukufuna kumatsegula masamba a pa intaneti uku mukuyankha mauthenga, limbikirani mupeze ya 4GB. Ndipo chenjerani ndi bokosi lolembedwa 4+4 kapena 3+3 ndi zilembo zikuluzikulu. Nambala yachiwiriyo ndi malo obwereka kuchokera kunkhokwe, ndipo sathamanga ngati RAM yeniyeni. Werengani yoyamba yokhayo. Musakhulupirire bokosi lokha. Lowani mu Settings, pa About phone ndi pa Storage, muone zimene foniyo ikunena yokha.

Onetsetsani kuti ikugwira 4G. Imbirani mnzanu kuti mumve ngati mawu akumveka mbali zonse ziwiri. Lowetsani tchaja, gwedezani chingwe pang'ono muone ngati ikusiya kutchaja. Gwirani kachizindikiro ka pulogalamu imodzi n'kukakoka kuzungulira sikirini yonse. Kakagwa penapake, ndiye kuti pamenepo sikirini yafa.

Itel, Tecno ndi Infinix ndi ana a nyumba imodzi, kampani ya Transsion ya ku Shenzhen, m'dziko la China. Ine sindizinyoza. Ubwino wake ndi woti sikirini ikasweka, anyamata okonza mafoni amapeza ina msanga. Foni yadzina lachilendo imene m'bale wakubweretserani kuchokera ku Johannesburg ikhoza kukhala yabwino kuposa, koma ikasweka mudzayenda makilomita oposa 100 kupita ku Lilongwe, mwinanso n'kubwerako chimanjamanja.

Foni yogula kwa munthu ili ndi msampha wakewake. Mwini wake akapanda kuchotsamo akaunti yake ya Google, inu mukadzaifafaniza kuti muyambe mwatsopano, idzafuna pasiwedi ya mwini wakaleyo, ndipo popanda iyo foni ndi mwala. Anapanga dala chomwecho pofuna kulepheretsa akuba. Ndiye wogulitsayo achotse akauntiyo inu mukuona, afafanize zonse, ndipo muiyatse limodzi mpaka ifike pa sikirini yoyamba. Akakana kapena akati pasiwedi anaiwala, dzifunseni kuti foniyo anaitenga kuti.

Chachiwiri: akaunti ya Google mutsegule nokha

Apa pokha ndimakwiya. Anthu ambiri amasiyira mnyamata wapasitolo kuti "awalowetsere zonse". Iye amatsegula akaunti mothamanga, dzina lake losamveka, pasiwedi amaidziwa yekha, mawa waiwala. Pakatha chaka foni yatayika, manambala onse apita, zithunzi za chinkhoswe zapita, ndipo palibe njira yozibwezera.

Khalani pansi, tsegulani akauntiyo nokha kapena ndi munthu wapanyumba amene mumamukhulupirira. Ikani nambala yanu ya foni ngati njira yobwezeretsera akaunti. Dzina la akaunti ndi pasiwedi muzilembe mu kope lomwe lija mwalemba IMEI, kope lake likhale kumene mumasunga makadi a kuchipatala ndi mapepala a munda. Ndamvapo ena akunena kuti pasiwedi salemba papepala. Kwa munthu wa mu ofesi mwina n'zoona. Kwa amalume anga, wakuba wa pa intaneti sangafike m'sutukesi ya kuchipinda, koma kuiwala kumafika tsiku lililonse.

Manambala a anthu a m'kafoni kakale muwakopere pa simu kadi, kenako mu foni yatsopano mulowe mu Contacts, musankhe Import, ndipo ikafunsa kosungira musankhe akaunti ya Google, osati Phone. Simu kadi imasunga manambala ochepa, kawirikawiri 250, ndipo imadula mayina aatali, ndiye ngati muli ndi ambiri muchite maulendo awiri. Kuyambira pamenepo nambala iliyonse yatsopano izipita ku Google. Foni ikadzagwera m'chitsime, manambala mudzawapeza mu ina.

Ngati pali kumene mungapeze Wi-Fi, kuntchito kapena kwa mnzanu, zonsezi mukachitire kumeneko. Ngati palibe, yatsani data pongotsegula akaunti, mukatha muzimitse mpaka mutamaliza gawo lotsatirali.

Chachitatu: tsekani mipopi

Khoswe wa amalume uja ali ndi mauna asanu, ndipo onse amatsekeka.

Una woyamba ndi Play Store, kumene timatsitsirako mapulogalamu. Foni yatsopano imabwera ndi mapulogalamu ambiri amene akhala m'bokosi miyezi, ndipo ikangonunkhiza intaneti imafuna kuwatsitsira onse atsopano. Tsegulani Play Store, dinani chithunzi chanu pakona, lowani mu Settings, Network preferences, Auto-update apps, musankhe kuti izichita pa Wi-Fi pokha kapena isamachite yokha. Izi sizikutanthauza kuti musamawakonzenso. WhatsApp, browser (yotsegulira masamba a intaneti) ndi pulogalamu ya banki muzizitsitsira zatsopano nokha kamodzi pamwezi, chifukwa zatsopanozo zimatseka ming'alu imene akuba amalowera. Kungoti tsiku lake muzisankha ndinu.

Wachiwiri ndi WhatsApp. Mu Settings, pa Storage and data, pali Media auto-download. Pa When using mobile data chotsani zonse: zithunzi, mawu, mavidiyo, mapepala. Ngati muli m'gulu la mpingo, la banki m'khonde, la kumudzi ndi la anzanu a ku sekondale, vidiyo imodzimodziyo imakufikani kanayi. Mukatseka apa, mudzatsitsa zokhazo zimene mwazifuna.

Wachitatu ndi Google Photos, imene imatumiza chithunzi chilichonse chimene mwajambula kukasungidwa pa intaneti. N'zabwino, koma mu Backup muike kuti isagwiritse ntchito data. Wachinayi ndi mavidiyo odziyambira okha pa Facebook. Zimitsani Autoplay, kapena ikani Facebook Lite m'malo mwake. Pa YouTube tsitsani ubwino wa chithunzi kufika pa 360p. Pa sikirini ya m'manja kusiyana kwake sikupweteka maso, koma ku bandulo n'kwakukulu.

Wachisanu ndi mapulogalamu onse amene amayankhula ndi intaneti mwakachetechete foni ili m'thumba. Mu Settings fufuzani Data Saver, muiyatse, kenako mulole WhatsApp yokha kudutsa kuti mauthenga azifika pa nthawi yake. Pafupi pomwepo pali Data warning ndi Data limit. Ikani muyezo wofanana ndi bandulo imene mumagula, foni izikuchenjezani isanathe. Ndipo bandulo ikatha muli ndi mayunitsi mu foni, zimitsani data mpaka mutagula ina.

Chachinayi: za ife a m'malire

Gawo ili a ku Dedza kapena ku Salima akhoza kulidumpha, koma ife a Mchinji ayi. Netiweki sidziwa malire. Mukakhala cha ku Mwami kapena m'midzi ya kumalire ya ku Mkanda, foni ikaona kuti netiweki yakwanu yafooka imakagwira ya ku Zambia, kaya MTN, Airtel ya kumeneko kapena Zamtel, inu muli pakhonde panu penipeni. Mudzaona ka R pafupi ndi timizere ta netiweki, mwinanso uthenga wokulandirani ku Zambia musanadzuke n'komwe pamphasa. Wotchi sikuchenjezani, chifukwa Malawi ndi Zambia nthawi yawo ndi imodzi. Mitengo yake ndi ya munthu amene ali kunja kwa dziko, ndipo bandulo yanu ya masiku onse sigwira ntchito kumeneko.

Chitani ziwiri. Mu Settings, pa Mobile network, zimitsani Data roaming pa simu kadi iliyonse. Kenako pa Network operators zimitsani zoti foni izisankha yokha netiweki, dikirani ifufuze, ndipo musankhe TNM kapena Airtel ya Malawi ndi dzanja lanu. Mukatero, netiweki ikafooka foni imangokhala chete m'malo mooloka malire. Tsiku limene mukupitadi ku Chipata, mubwezeretse.

Chachisanu: browser, khomo lotulukira

Amalume ankaganiza kuti intaneti ndi WhatsApp ndi Facebook basi. Ambiri ndi otero. Koma zotsatira za mayeso, malonda a ntchito, mafomu a sukulu, nyuzipepala, zonsezi zili pa masamba a intaneti, ndipo pulogalamu yotsegulira masamba amenewa ndiyo browser. Google si browser. Ndi kalozera amene mumamufunsa njira mutatuluka kale pakhomo.

Mafoni ena amabwera ndi browser imene simunaimvepo dzina, yodzaza ndi nkhani za anthu otchuka akunja ndi zotsatsa malonda, imene imangolira tsiku lonse. Yanga yoyamba inali choncho, ndipo ndinkadzuka usiku poganiza kuti ndi uthenga wa maliro. Ngati siikuchotseka, gwirani chizindikiro chake, dinani App info, musankhe Disable, kapena mungozimitsa Notifications zake.

Ine ndimasunga ziwiri, ndipo iliyonse ili ndi ntchito yake.

Yowerengera ndi Opera Mini. Inayambira ku Norway mu 2005, ndipo ambiri a msinkhu wanga intaneti tinaionera koyamba mmenemo, pa timafoni ta Nokia tamabatani. Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta kumva. Mukapempha tsamba, silibwera molunjika kwa inu. Limayamba lapita ku makompyuta a Opera, kumeneko amalipeta, kuchotsa madeya, kuchepetsa zithunzi, kenako n'kukutumizirani lopepuka. Mu Settings mwake, pa Data savings, muli Extreme ndi High. Extreme ndiyo imapulumutsa kwambiri, ndipo ndi imene imatsegula tsamba kumudzi pamene netiweki yatsika mpaka pa E, chilembo chosonyeza intaneti yochedwa kwambiri. Mukhozanso kuzimitsiratu zithunzi, ndi kuyatsa chotchinga zotsatsa malonda. Koma kupetako kuli ndi mtengo wake. Pa Extreme masamba ena amatuluka opotoka, mabatani ena sadinika, ndipo zonse zimene mwalemba zimadutsira pa makompyuta a anthu ena. Choncho za banki ndi mafomu musachitire mmenemo.

Ya zinthu zofunika ndi Chrome, ya Google, imene inatuluka mu 2008 ndipo imabwera kale m'mafoni ambiri a Android. Ndi yolemera, koma eni masamba ambiri amayesera masamba awo pa iyo, ndiye fomu kawirikawiri imayenda bwino. Mukamva wina akukuuzani kuti muyatse Lite mode mu Chrome kuti musunge data, dziwani kuti akunena zakale. Google inachotsa zimenezo mu 2022 pamene Chrome inafika pa nambala 100, ponena kuti data yatsika mtengo m'mayiko ambiri. Sindikudziwa kuti anafunsa ndani, koma sanafike pa Kamwendo.

Ndiye Chrome muiwete nokha. Dinani timadontho titatu pakona, lowani mu Settings. Pa Privacy and security pali Preload pages. Sankhani No preloading, chifukwa ikakhala yoyatsa, Chrome imatsitsiratu masamba amene ikuganiza kuti muwatsegula, ndi ndalama zanu. Pa Site settings zimitsani Notifications, ndipo onetsetsani kuti Pop-ups and redirects ndi zotsekedwa. Ili ndi gawo limene ndimapeza litavunda m'mafoni a anthu: tsamba limafunsa Allow kapena Block, munthu amadina Allow kuti lichoke pamaso, ndipo kuyambira tsiku limenelo foni imalandira zithunzi zolaula ndi mauthenga a mphoto zabodza, mwini wake n'kumachita manyazi kuitulutsa kutchalitchi. Si ufiti, si vairasi. Mumachotsa tsambalo pa mndandanda wa Notifications, basi zatha. Pa tsamba loyamba la Chrome palinso nkhani zotchedwa Discover. Zizimitseni, zimadya data pongotsegula.

Kwa akuluakulu, mu Accessibility mukulitse zilembo. Ndipo popeza mafoni a masiku ano ndi aatali ngati chikwanje, chala sichifika pamwamba ukagwira ndi dzanja limodzi, ndinasangalala mu 2025 Chrome italola kutsitsa malo olembapo adiresi kuti akhale pansi. Gwirani malowo kwa kanthawi, musankhe kuwasunthira pansi. Samsung Internet inali nazo kale zimenezi. Ndi kanthu kakang'ono, koma ukakhala pasikelo dzanja lina lili pathumba la mtedza, umakayamikira.

Chinthu chimene ndimakonda kuposa zonse ndi kasungidwe ka tsamba. Mukapeza tsamba lothandiza, kaya la kasungidwe ka mbewu kapena ndondomeko ya mayeso, dinani timadontho titatu tija kenako kamuvi koloza pansi. Tsambalo limalowa mu Downloads, ndipo mukhoza kuliwerenga kumudzi popanda netiweki, popanda bandulo, kangati konse. Amene amabwera pa Boma kamodzi pa sabata angathe kukolola masamba khumi n'kukawerengera kunyumba. Fomu ikakana kuonetsa batani lotumizira, m'timadontho momwemo muli Desktop site, imene imatsegula tsamba ngati mmene limaonekera pa kompyuta. Zilembo zimachepa, koma batani limapezeka.

Tsamba la Chingerezi chovuta, Chrome imatha kulimasulira. Google Translate ili ndi Chichewa kuyambira mu 2014. Pa mndandanda muchifufuze pa dzina la Chichewa kapena Nyanja. Chichewa chake nthawi zina chimaseketsa, chimamveka ngati cha mlendo amene wakhala kuno miyezi itatu, koma mutu wa nkhani umamveka. Zokhudza mlingo wa mankhwala, kaya a munthu, a ziweto kapena opopera mbewu, musadalire kumasulira kumeneku, ngakhalenso yankho lofupikitsa limene makina amalemba pamwamba mukafunsa Google. Funsani alangizi kapena achipatala.

Firefox ndiitchule mwachidule: pa Android imalola kuikamo chotchinga zotsatsa malonda champhamvu chotchedwa uBlock Origin, ndipo achinyamata odziwa amaikonda. Kwa amalume ndinaona kuti ziwiri zakwana. Imene mukufuna kuti izitsegula malinki a pa WhatsApp muisankhe mu Settings ya foni, pa Default apps, Browser app. Ine ndinaika Chrome. Muzikumbukiranso kutseka masamba amene mwathana nawo. Kanambala kali m'kabokosi pamwamba kamasonyeza amene ali otsegula. Akapitirira 99, Chrome imasiya kuwerenga n'kuikapo kankhope koseka. Ndinakapeza mu foni ya mlamu wanga, amene ankadandaula kuti foni yake yakalamba.

Chachisanu ndi chimodzi: kuwerenga adiresi

Sabata siitha popanda linki pagulu la WhatsApp: data yaulere, thandizo la ndalama kwa alimi, ntchito ku bungwe lakutilakuti, "tumizani kwa anthu khumi kuti mulandire". Musanalembe kalikonse pa tsamba, yang'anani adiresi yake pamwamba. Chofunika ndi dzina limene lili kumapeto, kutangotsala pang'ono kufika pa kamzere kopendekera koyamba. Masamba a boma la Malawi amathera ndi gov.mw, ndipo mabungwe ambiri akuno amathera ndi .mw kapena ali ndi dzina lawo lodziwika. Wakuba amaika dzina la bungwe kutsogolo, kenako n'kuwonjezera mawu ena achilendo kumapeto. Tsambalo ndi la mwini mawu akumapetowo.

Kale tinkauzana kuti tsamba likakhala ndi kaloko pa adiresi ndiye kuti ndi labwino. Kaloko kaja kamangotanthauza kuti zimene mukulemba sizikuwerengedwa panjira. Sikanena kuti wolandirayo ndi wachilungamo. Akuba nawonso ali nako. N'chifukwa chake Chrome inakachotsa mu 2023 n'kuikapo chizindikiro china.

Tsamba likayamba kuthwanima, foni n'kunjenjemera, likunena kuti mwagwidwa ndi mavairasi ndipo mudine apa msanga, ndi bodza. Tsamba la intaneti silingathe kuyeza za m'kati mwa foni yanu. Litsekeni. Likakupatsani fayilo yothera ndi .apk kuti muike mu foni, kanani. Mapulogalamu muzitenga ku Play Store. Ndipo Incognito, imene anyamata amaikhulupirira kwambiri, imangochititsa kuti foni isasunge mndandanda wa kumene mwapita. Kampani ya netiweki, mwini Wi-Fi ndi eni tsambalo amakuonanibe.

Chachisanu ndi chiwiri: maloko

Mu foni muli ndalama tsopano, kaya ndi Airtel Money kapena Mpamba. Ikani PIN yotsekera sikirini, yosiyana ndi ya ndalama, ndipo isakhale chaka chanu chobadwa. Ikaninso PIN ya simu kadi, kuti wakuba akaichotsa n'kuiika mu foni ina isagwire ntchito. Koma samalani: mukaphonya katatu imatsekeka n'kufuna PUK, nambala imene ili pa kapulasitiki kamene munathyolapo simu kadiyo, ndipo mukaphonya PUK kakhumi simu kadi yafa. Simu kadiyo ikhale yolembetsedwa m'dzina lanu. Kuyambira mu 2018 manambala amalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, ndipo ikatayika, wokabwezeretsa nambala ndi mwini chiphasocho, osati inu amene munkaigwiritsa ntchito.

Pa WhatsApp yatsani Two-step verification. Munthu akakuimbirani kuti mumuwerengere manambala 6 amene angofika pa foni yanu, ngakhale atati ndi abusa kapena wa ku kampani, dulani foni. Manambala amenewo ndi kiyi wa WhatsApp yanu. Onetsetsaninso kuti Find My Device, imene tsopano ikutchedwa Find Hub, ndi yoyatsa. Foni ikatayika mumalowa pa android.com/find ndi akaunti ija munalemba mu kope, n'kuiliza, kuitseka kapena kufafaniza zonse.

Za batire sindichulutsa. Gulani galasi loteteza sikirini ndi chikwama chake tsiku lomwelo. Musatchaje foni padzuwa kapena pansi pa pilo, kutentha ndiye mdani wa batire. Magetsi akazima zulani tchaja, mudzalowetsenso akabwera n'kukhazikika. Mukakasiya foni kotchajitsa, izimitseni kaye. Kumene netiweki ili yofooka batire limatha msanga chifukwa foni imalimbana kufunafuna, ndiye mukamapita kudimba kumene sikugwira n'komwe, ikani pa Airplane mode.

Pakatha sabata

Lowani mu Settings, pa Data usage. Mudzapeza mndandanda wa mapulogalamu, wodya kwambiri ali pamwamba. Amene simukumudziwa, kapena amene wadya zambiri chonsecho simunamutsegule, mumutsekere Background data kapena mumuchotse.

Amalume anabweranso patatha masabata atatu, atabwera kudzagula malata. Bandulo inali ikukhalitsa, koma ankati masiku ena imathabe modabwitsa. Tinatsegula mndandanda uja limodzi. Pamwamba penipeni panali pulogalamu ya timavidiyo tovina imene iwo sanaiikemo, ndipo pansi pake panali Hotspot. Anayang'ana kwa kanthawi, magalasi ali pamphuno.

"Hotspot ndi ndani ameneyu?"

Ndinawafotokozera kuti ndi njira yogawira intaneti ku mafoni ena apafupi, ndipo kuti pamndandanda pakuoneka mafoni atatu amene akhala akulumikizidwa madzulo. Anakhala chete, kenako anayamba kuwerenga ndi zala zidzukulu zimene zimapempha foni "kuti tione tochi, agogo". Tinasintha pasiwedi ya Hotspot, tinasinthanso PIN ya sikirini, ndipo anandiuza kuti ndiwalembere zonse ziwiri mu kope, ndi zilembo zikuluzikulu, patsamba lomwe lija la IMEI.